pKa ya mankhwala a udzu: ya pakompyuta ikwanira kapena tikayeze ku labu?

Kalulu_wa_Mwami
Anzanga odziwa chemistry nithandizeni. Nigwira ntchito pa kakampani kakang'ono muno mu Chipata, tigulitsa mbewu, feteleza na mankhwala a m'munda. Manje abwana afuna kubweretsa mankhwala ena ophera udzu mu chimanga, ndiye tikonza mapepala okapereka ku ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, kuti alembetsedwe. Opanga ake anatitumizira fayilo yaikulu, melting point ilimo, solubility ilimo, log P ilimo, koma pa mzere wa dissociation constant, imene ni pKa, angolemba kuti calculated, nambala osaika. Ninawalembera, yankho lawo akuti tiwerengere tekha. Ine ninaika structure mu mapulogalamu awiri a pakompyuta, imodzi yanipatsa pKa 4.1 inayo 5.3. Abwana akuti iwe lemba 4.7 yapakatikati tipite, mvula ili pafupi alimi ayamba kufunsa. Kodi zimenezi zichitika? Nanga nambala imeneyi ili na ntchito zoona kapena ni kudzaza chabe mafomu?

Kambuzi
4.7 hahaha abwana anu ni katswiri wa average, apatseni moni wanga

Mphunzitsi_Katete
Ba Kalulu musalembe 4.7 chonde. Ndiyambe ndi funso lanu lomalizalo chifukwa ena pano anaiwala kale za Grade 12. Mankhwala amene ali asidi wofooka akalowa m'madzi, ena amataya H+ n'kukhala ndi chaji ya negative, ena amakhalabe osataya. pKa ndi pH imene theka lataya theka silinataye. pH ikakwera ndi 1 pamwamba pa pKa, pafupifupi 91 peresenti amakhala atataya, ikakwera ndi 2 ndi 99 peresenti. Ndi Henderson-Hasselbalch yomwe ija munkaithawa m'kalasi. Tsono tengani nambala zanu ziwirizo muziike pa nthaka ya pH 5. Ndi 4.1, pafupifupi 89 peresenti ali ndi chaji. Ndi 5.3, ndi 33 peresenti chabe. Pamenepo mwanena zinthu ziwiri zosiyana za mankhwala amodzi, kwina mwati amakokoloka ndi madzi a mvula kulowera kudambo, kwina mwati amakakamira m'nthaka ya pamwamba. Amene akawerenge fayilo yanu akufuna adziwe choona ndi chiti.

Chadiza_Soya
Aphunzitsi lankhulani pang'onopang'ono ine ndine mlimi chabe. Chajiyo ikukhudzana bwanji ndi kukokoloka?

Mphunzitsi_Katete
Bambo, dongo ndi manyowa a m'nthaka nthawi zambiri zimakhala ndi chaji ya negative. Mankhwala nawo akakhala negative zimakankhana, ndiye amatsala m'madzi, madziwo akamatsika iwo amatsika nawo mpaka ku chitsime. Onani 2,4-D, pKa yake ili cha m'ma 3 kapena kutsika pang'ono, pa nthaka iliyonse yathu amakhala wataya kale H+, n'chifukwa chake sagwira nthaka mwamphamvu. Paraquat ndi mbali inayo, iye ali ndi chaji ya positive nthawi zonse, pH isinthe isasinthe, akangogwera padothi wamatirira pomwepo.

Wanthaka
Aphunzitsi apa ndikutsutsani pang'ono. Zimene mwanenazo ndi za m'mabuku olembedwera nthaka za ku Ulaya. Katondo wathu wofiira uyu ali ndi iron oxide ndi aluminium oxide zambiri, ndipo zimenezi chaji yake imasintha ndi pH, nthaka ikakhala ya asidi zimatenga positive, ndiye mankhwala a negative aja amapeza pogwira. Glyphosate ndi chitsanzo, ali ndi ma pKa angapo, cha m'ma 2.3, cha m'ma 5.7 ndi ina kupitirira 10, pa pH ya m'munda amakhala negative ndithu koma amamatirira kwambiri pa iron oxide kudzera pa mbali yake ya phosphonate ija. Ndiye pKa payokha siikuuzani zonse, imakuuzani chabe kuti mankhwalawo ali mu maonekedwe ati, kenako mufunikabe kuyeza sorption, m'mene mankhwala amamatirira pa dothi, pa nthaka zosiyana pH. China ba Kalulu, mukamanena pH ya nthaka muzinena kuti inayezedwa m'madzi kapena mu calcium chloride, ma lipoti ambiri a nthaka kuno ku Zambia amagwiritsa calcium chloride ndipo nambala yake imatsika ndi theka kapena kupitirira poyerekeza ndi ya m'madzi. Theka limenelo pafupi ndi pKa si laling'ono.

Mphunzitsi_Katete
Sindikukana akulu, koma mukuvomereza nane kuti popanda pKa yolondola ngakhale sorption yanuyo simungaimasulire. Mudzangoona Koc, nambala yoyezera kumatirirako, ikudumphadumpha pa nthaka ya ku Lundazi ndi ya ku Petauke osadziwa chifukwa.

Wanthaka
Pamenepo tili pamodzi.

Wamulabu_Lsk
Ine nili ku labu, lekani nikuuzeni m'mene iyezedwera kuti muone kuti si zamatsenga. Njira imene ma regulator ambiri aidziwa ni Test Guideline 112 ya OECD, bungwe la maiko lokonza njira zoyezera mankhwala, ya 1981, dissociation constants in water. Ili na njira zitatu, titration, spectrophotometric na conductometric. Titration ndiye yodziwika, musungunula mankhwala m'madzi oyera, muthira sodium hydroxide pang'onopang'ono uku muwerenga pH mita, ndipo pamene mwafika theka la besi yofunika kumaliza asidi yonse, pH ya pamenepo ili pafupi na pKa. Guideline ikamba kuti muyeze pa 20 °C, concentration isapitirire 0.01 M kapena theka la pamene mankhwalawo alekera kusungunuka, ndipo mubwereze kosachepera katatu mayankho osasiyana kupitirira 0.1. Pa pepala ni zophweka. Pa benchi mavuto ni awa, electrode ifunika calibration na buffer ya 4, ya 7 na ya 10 tsiku lomwelo osati ya mwezi watha, madzi afunika kuwiritsa kuti carbon dioxide ichoke, botolo la sodium hydroxide likakhala lotsegulatsegula limamwa carbon dioxide ya mumpweya ndipo curve yanu ipindika pamalo osayenera. Ine nisanayeze sampulo ya kasitomala niyamba na benzoic acid, ikanipatsa pafupi na 4.2 nidziwa kuti zida zili bwino, ikanipatsa 4.6 nitsuka electrode niyambanso.

Kambuzi
20 digiri mu Okutobala? ku Luangwa valley mungaipeze kuti 20 imeneyo, ngakhale usiku kulibe

Wamulabu_Lsk
Water bath achimwene. Koma magetsi akathima pakati pa titration basi mwataya sampulo, mu 2024 muja Kariba itatsika tinali kuyeza usiku pakati malaiti akabwera.

Chadiza_Soya
Musatikumbutse za 2024, chimanga changa chinauma chili m'mawondo

Kalulu_wa_Mwami
Ba Wamulabu zikomo. Ndiye nikutumizireni botolo limodzi la mankhwalawa pa basi mawa muyeze? tili na sampulo ya lita imodzi muno mu ofesi

Wamulabu_Lsk
Iyayi musatumize botolo limenelo. Zili m'botolo ni formulation, muli surfactant, muli solvent, mwina muli buffer yawo, curve ingatuluke mmenemo ni ya zosakaniza zonsezo. Ifunika active ingredient yoyera, analytical standard yokhala na certificate yoonetsa purity. Tengani chitsanzo cha 2,4-D amine wa m'mashopu, mmenemo muli dimethylamine imene pKa yake ili cha m'ma 10.7, munthu wosadziwa angaone podumphira curve apo n'kulemba kuti ni ya 2,4-D. Ndipo 2,4-D ester alibe H+ yotaya mpaka ester itasweka kukhala asidi. Chachiwiri niuzeni solubility. Ngati ni mamiligiramu ochepa pa lita titration m'madzi okha sigwira, electrode iona chabe madzi. Pamenepo tigwiritsa UV, tikonza ma buffer a pH zosiyanasiyana, tiona m'mene spectrum isinthira, ndipo imafuna mankhwala ochepa kwambiri, koma ifunika kuti mbali imene imamwa kuwala ikhale pafupi na pamene H+ ichokera. Njira ina ni kusakaniza methanol pa miyezo itatu kapena inayi n'kubwezera mzere ku zero methanol, ija ya Yasuda-Shedlovsky, koma mukatero mulembe poyera kuti nambala ni ya extrapolation.

Mwana_wa_Lutembwe
Moni kunyumba nonse. Ine ndili kunja, ntchito yanga ndi kukonza ma fayilo amenewa a makampani. Ndiyankhe funso loyamba lija mosazungulira, inde nambala ya pakompyuta imaloledwa m'malo ambiri, koma osati yongokopera pa sikirini. Mu 2004 OECD inagwirizana mfundo zisanu za QSAR, ma model a pakompyuta oyerekeza khalidwe la mankhwala kuchokera ku structure, kuti model inene bwinobwino chimene ikuyerekeza, njira yake yowerengera ikhale yodziwika, ikhale ndi applicability domain, ionetse kuti inayesedwa ndipo imalondola mpaka pati, ndipo ngati kungatheke ifotokozeke mwa chemistry. Kuno ku EU ukagwiritsa model umaphatikiza mapepala awiri, QMRF yofotokoza model yonse ndi QPRF yofotokoza kuyerekeza kwa mankhwala ako enieniwo. Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi domain. Pulogalamu imadziwa bwino mitundu ya mamolekyu imene anaiphunzitsira, ma carboxylic acid wamba, ma phenol, ma amine, pamenepo ikhoza kulondola mkati mwa theka la unit. Mukaipatsa molekyu yachilendo imayankhabe, siinena kuti sindidziwa, zili ngati kufunsa kondakitala wa basi ya Chipata ndi Lusaka za msewu wa ku Chama nthawi ya mvula, adzakuyankhani molimba mtima asanapiteko. Ba Kalulu mapulogalamu anu akasiyana ndi 1.2 ndi chizindikiro kuti imodzi kapena onse awiri ali kunja kwa zimene amadziwa. Tiuzeni, H+ ikuchokera pa gulu lanji mu structure yanuyo? Ndipo onetsetsani kuti onse awiri akunena za atomu imodzi, nthawi zina ina ikupatsani acidic pKa inayo basic pKa ya nitrogen ya mu ring.

Kalulu_wa_Mwami
Si carboxylic acid, ni sulfonylurea, H ili pa nitrogen pakati pa sulfonyl na carbonyl. Naonanso, onse awiri aloza nitrogen yomweyo.

Mwana_wa_Lutembwe
Ehee ndiye chifukwa chake. Ma N-H acid otere mapulogalamu amasiyana nawo kawirikawiri, pali tautomer, pali hydrogen bond ya mkati mwa molekyu ndi ring ija ili pafupi, pulogalamu iliyonse imazitenga mwa njira yake. Yesaniko ndi OPERA, ndi yaulere ndipo imakuuzani ngati molekyu yanu ili mkati mwa domain, imaonetsanso mamolekyu oyandikana nayo amene inaphunzirirapo. EPI Suite musavutike nayo pa nkhaniyi, ilibe model ya pKa, ndipo log Kow imene imapereka ndi ya molekyu yopanda chaji. Koma dikirani kaye, sulfonylurea ya chimanga yatsopano yeniyeni kapena ndi generic?

Bashi_Mpundu
Ba kum'mawa mwayamba liti kukamba za ma asidi? ine nimaganiza labu yanu ni yoyanika mbewa

Kambuzi
Achimbuya bwererani kumtengo anyani akudikirani, pano tikamba za sukulu

Bashi_Mpundu
hahaha pitilizani niphunzireko. koma ba Lutembwe paja REACH, lamulo la EU la mankhwala, imafuna pKa pa mankhwala onse?

Mwana_wa_Lutembwe
Osati onse. Mu REACH, lamulo la 2006 lija, dissociation constant ili mu Annex IX pa 7.16, kutanthauza mankhwala opangidwa kapena olowa matani 100 kapena kupitirira pa chaka. Ndipo sufunika kuyeza ngati mankhwalawo amasweka m'madzi msanga, half-life yosakwana maola 12, kapena ngati amachita oxidise m'madzi mosavuta. Koma mankhwala a m'munda kuno sayendera REACH, ali ndi lamulo lawolawo 1107/2009, ndipo pa active ingredient amayembekezera pKa yoyezedwa. Kwathuko ndi ZEMA pansi pa Environmental Management Act ya 2011 ndi ma Licensing Regulations a 2013. Ba Kalulu imbani ku ofesi yawo yoona za pesticides mufunse chimene amalandira pa mzere umenewo musanawononge ndalama, n'kutheka kuti nambala yochokera ku lipoti la regulator wina ikwanira.

Agogo_Hammett
Ana inu mwandisangalatsa. Ife tinkayerekeza pKa ndi pensulo kompyuta isanafike pa desiki, ndipo zambiri zimene mapulogalamu ena akuchita lero ndi zomwezo koma mofulumira. Louis Hammett mu 1937 anaika benzoic acid ngati poyambira, pKa 4.20, ndipo gulu lililonse lowonjezera pa ring analipatsa nambala yake, sigma. Nitro pa para sigma yake 0.78. Chotsani, mupeza 3.42, ndipo yoyezedwa ya para-nitrobenzoic acid ili pa 3.44. Zokongola. Tsono tengani njira yomweyo mupite nayo pa phenol. Phenol ili pafupi ndi 10, rho yake, nambala yochulukitsa nayo sigma, ili cha m'ma 2.2. Mukagwiritsa sigma yomwe ija ya 0.78 mupeza cha m'ma 8.3, pamene para-nitrophenol yoyezedwa ndi 7.15. Mwaphonya ndi unit yathunthu ndi kupitirira, chifukwa pa phenol nitro imakoka chaji ija mwachindunji kudzera mu resonance, ndiye pafunika sigma ina ya 1.27, mukaika imeneyo mufika pa 7.2. Nanga gulu likakhala pa ortho? Salicylic acid ili pafupi ndi 3.0, kutsika kwambiri kuposa benzoic, chifukwa OH ija ikugwirana ndi carboxylate mkati momwemo, ndipo tebulo wamba la sigma silidziwa zimenezo. Mwana wa Lutembwe akanena domain akunena zimenezi. Wophunzira wanga akandibweretsera nambala ya pakompyuta ndinkamufunsa kuti ndisonyeze molekyu yoyezedwa yofanana nayo kwambiri, nanga pulogalamu yako ikuti chiyani pa imeneyo. Ambiri pamenepo ankakanda kumutu.

Mayi_wa_Nsomba
Pepani ndilowerere, ine za udzu sindidziwa koma nkhani ya pH yandigwira. Ndili ndi madamu awiri a nsomba kufupi ndi Chipata, mwezi wotentha nsomba zinayamba kuyandama masana cha m'ma 3 koloko, m'mawa zili bwinobwino. Wa zaulimi wina anati ndi ammonia koma kit yanga ikuonetsa nambala imodzimodzi m'mawa ndi masana. Zikugwirizana ndi zimene mukukambazi?

Mphunzitsi_Katete
Mayi zikugwirizana kwambiri. Kit zambiri zimayeza ammonia yonse pamodzi, koma imene imapha nsomba ndi NH3 yopanda chaji, imene imadutsa mosavuta m'makha mwa nsomba. Ammonium pKa yake ndi 9.25 pa 25 °C. Pa pH 7, NH3 siikwana ndi 1 peresenti yomwe. Pa pH 8 ili cha m'ma 5 peresenti, pa pH 9 yapitirira 35 peresenti. Damu lanu likakhala lobiriwira, ndere zija masana zimamwa carbon dioxide ndipo pH imakwera, madzi akatenthanso NH3 imawonjezekera. Yezani pH mbandakucha ndi masana muone kusiyana. Chepetsani chakudya ndi manyowa kwa masiku angapo, thiraniko madzi atsopano, ndipo laimu musaike pakali pano.

Mayi_wa_Nsomba
Mayo ine ndinathira laimu sabata yomweyo. Zikomo aphunzitsi ndiyeza mawa.

Wamadzi_Petauke
Kwa ife a madzi akumwa nkhani ni yomweyo koma mbali inayo. Chlorine m'madzi ikhala hypochlorous acid, pKa cha m'ma 7.5, ndipo yopanda chajiyo ndiyo imapha majeremusi mwamphamvu. Pa pH 6.5 ili pafupifupi 90 peresenti, pa 8.5 yatsala pafupifupi 10. Ndiye chifukwa WHO ikamba kuti pothira chlorine pH ikhale pansi pa 8. Ma borehole ena ali na madzi a pH yokwera, munthu athira mlingo wolondola koma ntchito yake ichepa.

Chadiza_Soya
Poti mwafika pa madzi, ine glyphosate wanga chaka chatha sanaphe udzu bwino, ndinatunga madzi a padambo opopera. Ogulitsa anati ndinachepetsa mlingo koma ine ndinayeza ndi kachikho kawo komweko

Wanthaka
Madzi a padambo a matope ndiwo anakudyerani ndalama bambo. Glyphosate amamatirira pa dothi lili m'madzimo musanapope n'komwe. Madzi a pa borehole okhala ndi calcium wambiri nawonso amamumanga, n'chifukwa chake ena amayamba kusungunula ammonium sulphate mu sipuleya kenako n'kuthira mankhwala. Gwiritsani madzi oyera, ngati ndi a padambo asiyeni mu diramu matope akhale pansi.

Kambuzi
Tachoka pa ZEMA tafika pa diramu. Kalulu uli kuti, abwana akugwira?

Kalulu_wa_Mwami
Nilipo, ninali kufufuza zimene ba Lutembwe anafunsa. Ni generic, active yake inalembetsedwa kale m'maiko ena. pKa yake naipeza mu PPDB, database ya mankhwala a m'munda ija ya University of Hertfordshire, komanso mu lipoti la regulator wina, yoyezedwa ilipo ndipo ili pafupi na 4.7 ya abwana ija. Manje sinidziwa niwauze bwanji, azaniseka mwezi wonse

Kambuzi
ABWANA AWINA hahaha average yagwira ntchito

Agogo_Hammett
Agwa nayo mwamwayi. Wowerenga fayilo akafunsa kuti yachokera kuti, yankho loti tinagawa pakati silingadutse. Lembani yoyezedwayo, ndi kutentha kumene inayezedwera, njira yake, ndi kumene mwaitenga.

Wamulabu_Lsk
Ndipo onani ngati magwero anu awiriwo si amodzi. Nthawi zambiri ma database akopererana, muona nambala imodzi m'malo asanu muganiza kuti malabu asanu anagwirizana pamene ni study imodzi. Onaninso ionic strength, a zamankhwala a kuchipatala akonda kuyeza mu 0.15 M potassium chloride kuti zifanane na magazi, nambala imeneyo isiyana pang'ono na ya m'madzi opanda mchere. Kusiyana kwa 0.1 kapena 0.2 pakati pa mabuku musadabwe nako.

Bashi_Mpundu
Ndiye mwati yoyezedwa ni yoona nthawi zonse, kompyuta ni yabodza?

Mwana_wa_Lutembwe
Ayi achimbuya. Pali nkhani ya PFOA, asidi wa m'mafakitale wokhala ndi fluorine, imene inalowa mu Stockholm Convention mu 2019. Kwa zaka anthu ankalemba pKa 2.8. Mu 2008 gulu lina linayeza mu madzi osakaniza ndi methanol linapeza 3.8, chaka chomwecho katswiri wina poyerekeza ndi ma model ndi mamolekyu ofanana nayo anati ili pafupi ndi -0.5. Kusiyana kwa ma unit anayi pa molekyu imodzi, ndipo si nkhani yamasewera chifukwa pa 3.8 gawo looneka limakhala lopanda chaji m'madzi a asidi ndipo lingauluke kupita mumpweya, pa -0.5 pafupifupi yonse imatsala m'madzi. Ntchito zotsatira zambiri zinatsamira ku nambala yotsika. Vuto linali loti PFOA ndi surfactant, imaunjikana yokhayokha ndi kukhala pamwamba pa madzi, ndiye titration wamba imasokonezeka. Apo labu ndi imene inavutika. Ine lamulo langa pa ntchito ndi ili, ndimayang'ana kuti nambala yoyerekezayo yagwera pati. Madzi ndi nthaka zambiri zili pakati pa pH 4 ndi 9. Asidi amene mapulogalamu onse akuti pKa ili pansi pa 2, kaya ndi 1.0 kaya 1.8, pa pH 5 wataya H+ kupitirira 99.9 peresenti, chigamulo sichisintha, ndimalemba yoyerekeza ndi zifukwa zake basi. Koma ikagwera pakati pa 4 ndi 9 ngati ya ba Kaluluyi, kuphonya ndi theka la unit kumasintha solubility, log D, sorption ndi poizoni wake pa nsomba, pamenepo ndimauza kasitomala kuti alipire labu. Pentachlorophenol ndi chitsanzo chakale, pKa 4.7, m'madzi a asidi amapha nsomba pa mlingo wochepa kwambiri kuposa m'madzi a pH 8, ndiye test ya nsomba imene sinalembe pH ndimaikayikira.

Wanthaka
Ba Kalulu poti mwati ndi sulfonylurea, pKa imeneyo ikafike mpaka pa lebulo, isathere mu fayilo. Mankhwala a gulu limeneli amasweka msanga m'nthaka ya asidi, koma pH ikakwera amakhala ndi chaji, amasungunuka kwambiri ndipo amachedwa kusweka. Mlimi wathira laimu, wapopera chimanga, chaka chotsatira wabzala soya kapena mpendadzuwa kapena nshawa pamalo omwewo, mbewu zimatuluka zachikasu zopinimbira iye n'kumati mbewu inali yabodza. Kuno kasinthasintha wa chimanga ndi soya ndiye ulimi wathu. Onani kuti lebulo likunena miyezi yodikira musanabzale mbewu ina, ndipo miyeziyo inachokera pa nthaka ya pH yanji.

Chadiza_Soya
Izi ndiye zondikhudza ine. Lebulo lake likhale ndi Chinyanja chonde, tizilembo tating'ono ta Chizungu tija ngakhale ndi magalasi sitiwerenga

Kalulu_wa_Mwami
Nalemba zonse. Koma pali kena, mu fayilo muli metabolite imodzi yaikulu ya m'nthaka, chotsala mankhwala akasweka, imeneyo mu PPDB mulibe pKa yake ndipo standard yake opanga akuti alibe. Pamenepo nichite bwanji?

Mwana_wa_Lutembwe
Apo ndiye pamene kompyuta ili ndi malo ake enieni. Chitani chonchi, ikani metabolite mu mapulogalamu awiri kapena atatu, lembani dzina la pulogalamu, version yake ndi SMILES (structure yolembedwa m'zilembo) imene munaika, chifukwa version ikasintha nambala imasinthanso ndipo wina ayenera kutha kubwereza. Kenako pezani mamolekyu atatu kapena anayi ofanana nayo amene pKa yawo inayezedwa, muwaike mu mapulogalamu omwewo, mupange tebulo la yoyezedwa ndi yoyerekeza. Musadalire parent yokha poyesa pulogalamu, mlatho wa sulfonylurea ukaduka zotsala zimakhala sulfonamide ndi amine ya ring, magulu ena osiyana ndi N-H ija, ndiye analogue zanu zikhale za gulu la metabolite. Mayankho akasiyanabe musagawe pakati, perekani onse awiri ndipo muwerengere leaching, kutsika kwa mankhwala kupita m'madzi a pansi, ndi nambala imene ikupereka chiopsezo chachikulu. Ngati ngakhale ndi yoipitsitsayo madzi a pansi ali bwino nkhani yatha, ngati ayi ndiye opanga aja apange standard ayeze, mankhwala ndi awo.

Wamulabu_Lsk
Akafuna study ya GLP, yotsatira malamulo a Good Laboratory Practice, awauze apite ku labu yokhala mu dongosolo la OECD la Mutual Acceptance of Data, South Africa ilimo, ni pafupi kuposa kutumiza ku Ulaya. Ife tingakuyezereni yongotsimikizira koma niuzeni kaye solubility pa pH 5 na pa pH 7.

Kalulu_wa_Mwami
Nizakutumizirani ku inbox nikafika ku ofesi. Kalata ya kwa opanga nailemba kale, nawapempha study report ya parent na structure yeniyeni ya metabolite chifukwa pa tsamba lina aijambula mosiyana.

Mayi_wa_Nsomba
Aphunzitsi ndayeza, mbandakucha 7.5 masana yafika 9. Timapepala tanga ta pH tatsala tiwiri, alipo akudziwa shopu mu tauni imene ili ndi tofika mpaka 10? Ta ku pharmacy tija timathera pa 8.5